Ulemu kwa Bwana Chiwewe

M'mawa uliwonse galu wa aneba amandiperekeza mpaka kumsewu, mano ali pamtunda. Mwini wake amangoti, "Saluma ameneyo, achimwene." Za katemera akuti tidzaona mawa. Chifukwa cha liwiro la tsiku ndi tsikuli, ndayamba kupereka ulemu kwa bwana amene mwina amagona m'malovu mwa galuyo: kachilombo ka chiwewe.

Vulani zipewa, anthuni. Kuno timawathawa bwanawa, koma ku America analembedwa ntchito. Mu 2007, Ian Wickersham ndi Edward Callaway a ku Salk Institute, ku California, anatengerapo mwayi pa khalidwe lawo loyenda chobwerera m'mitsempha, kuchoka pa selo lomva uthenga kupita kwa lomwe lanena. Anawachotsa jini imodzi yodumphira, n'kumawabwereka jiniyo m'maselo oyambira okha, kuti adumphe kamodzi basi n'kukhala pansi. Anawapatsanso nyali, puloteni yowala mobiriwira yochokera ku kanyama ka m'nyanja kotchedwa jellyfish. Lero akabayidwa mu ubongo wa mbewa, momwe muli maselo a uthenga pafupifupi 70 miliyoni, pakatha masiku ochepa maselo omwe ananong'oneza oyambira aja amawala pa maikulosikopu.

Tamvani ukatswiri! Bwanawa safunsa kuti "mwamva chiyani?" Amafunsa kuti "wakuuzani ndani?" ndipo amamupeza. Kwathu kuno funso limeneli linagonjetsa ngakhale anyakwawa. Mphekesera yoti ndinagulitsa njinga chifukwa cha ngongole inazungulira mpaka kuchigayo, koma aliyense akuti "ndangomva." Bwana Chiwewe akanabwera ndi nyali yawo, nyumba ina yoyandikana ndi yanga ikanawala usiku wonse, pamodzi ndi galu wake.

Ndikanakondanso atawatumiza ku ofesi ina komwe fayilo yanga inasowa chaka chatha. Wapakhomo akuti ili kwa akalaliki, akalaliki akuti ili kwa abwana, abwana ali kumsonkhano. Mu kaubongo kosakwana galamu imodzi njira zikupezeka. M'zipinda zinayi zokha njira yatayika.

Komabe tisapusitsidwe. Wa ku California uja anathenedwa. Wa m'mudzi muno ndi wathunthu, ndipo abale ake amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi. Choncho aneba, galu wanuyo sagwira ntchito ku Salk. Kamubayitseni katemera, miyendo yanga yatopa.