Ntchentche Yakhoza Masamu

Mphunzitsi wina wa ku Kapata anabwera kunyumba kuchokera ku wekishopu akuimba mluzu.

"Amake mwana, mavuto a m'kalasi atha. Atiuza kuti pa intaneti pali zonse: Khan Academy, GeoGebra, PhET. Zonsezo n'zaulere, sulipira ngakhale ngwee imodzi."

Amene anawauzawo sananame. Khan Academy, imene Salman Khan anaikhazikitsa ku America mu 2008, ili ndi mavidiyo ankhaninkhani a masamu ndi sayansi, ndipo palibe amene amakuitanitsa ndalama pakhomo. Chimene anaiwala kunena n'chakuti vidiyo imabwera itakwera bandulo, ndipo bandulo imagulidwa ndi ndalama yomwe ija ya makala ndi tomato. Patatha sabata ziwiri akuluwo anasamba m'manja, navundukula mbale. Nsima ilipo, yotentha bwino. M'mbale ya ndiwo muli kamchere pang'ono.

"Nanga ndiwo zili kuti?"

"Munadawuniloda Lachiwiri, atate ake. Kapenta yense ali m'fonimo. Tsegulani mudye."

* * *

Bolodi lamagetsi logwira ndi chala si la dzulo. Kampani ya SMART Technologies ya ku Calgary, m'dziko la Canada, inatulutsa loyamba mu 1991, chaka chimene ife kuno ku Zambia tinali otanganidwa ndi kusintha boma. Likafika pa sukulu ya kwathu limalandiridwa ndi kwaya, ndakatulo ndi nkhuku zitatu. Alendo akangokwera galimoto, ahedi amalifunditsa nsalu n'kukhoma chitseko ndi maloko awiri. Kiyi mmodzi amasunga ahedi, winayo adepyute, ndipo awiriwa sanapatsanepo moni chiyambire chaka chatha.

Pa sukulu ina ya njira ya ku Chadiza, mphunzitsi wachinyamata anachita mwayi. Anawapeza onse awiri pa maliro, napempha makiyi pamaso pa anthu. Unali mwezi wa Novembala, mango ali mbwee, ana onse manja ali nanati. Tsono mabolodi ambiri a masiku ano sasankha chimene chawakhudza. M'mphepete mwake muli timagetsi tosaoneka ndi maso timene timaponyerana kuwala, ndipo chilichonse chimene chadula kuwalako bolodi limati ndi chala.

Funso linali 7 × 8, mayankho anayi ali pansi pake. Mphunzitsi anafunsa kutsogolo, zii. Anafunsa pakati, zii. Pamenepo ntchentche inanyamuka pa nthangala ya mango ya mwana wa kutsogolo, inazungulira kawiri, n'kutera pa 56. Bolodi linaimba lokha kanyimbo ka chikondwerero.

"Mwaona manyazi ake? Giredi 5 yonse yagonja kwa ntchentche!"

Kumbuyo kunamveka mawu: "Aticha, imeneyo ikubwereza. Chaka chatha inali m'kalasi mommuno."

* * *

Ku midzi ya kufupi ndi malire a Mwami netiweki ili ndi pokhala pake, ndipo woifuna ndiye amaiyendera. Pa sukulu ina malowo ndi pamwamba pa chulu kuseri kwa bwalo la mpira. Mphunzitsi wa sayansi ankakwera pamenepo m'mamawa uliwonse, dzanja lili m'mwamba, maso ali kumwamba, pakamwa akung'ung'udza: "Bwera, bwera, usandisiye pa 90." Pofika Lachisanu amayi atatu anali atagwada m'munsi mwa chulucho, ndipo mmodzi anafunsa kuti chopereka chimaikidwa pati.

Tsiku limene phunziro linatsika lonse, kunabweranso uthenga womulandira m'dziko la Malawi. Foni inali itagwira nsanja ya tsidya linalo. Ahedi atauona anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, mwatuluka m'dziko nthawi ya ntchito popanda chilolezo. Mulembe lipoti. Ndiponso mwabwera chimanjamanja, ngakhale usipa simunatitengere."

Ochenjera anasiya kukwera chulu. Amabwera m'tauni kumapeto kwa mwezi, kutsitsa zonse kamodzi, n'kubwerera nazo pa fulashi. Pali Kolibri ya bungwe la Learning Equality, imene imasunga maphunziro mu laputopu imodzi n'kumagawira mafoni ndi matabuleti apafupi popanda intaneti. Pali Kiwix, imene imaika Wikipedia m'thumba la malaya. Kwa anzathu a ku Katete, bungwe la Impact Network lakhala zaka zambiri likuphunzitsa m'sukulu za kumudzi ndi tabuleti, pulojekita ndi sola. Ine ndimati chida choyenera kuchitchula pa wekishopu ndi chimene chimagwirabe ntchito netiweki itathawa. Zinazo akauzane okha ku Lusaka.

* * *

Amene anali ndi mwana mu Giredi 9 mu 2015 saiwala. Phunziro la Computer Studies linalowa m'silabasi mu 2014, ndipo chaka chotsatiracho ana analemba koyamba mayeso ake okhala pa kompyuta. Makompyuta anali ochepa, ana ambiri, malaiti akuthawathawa, moti m'sukulu zina ana anadikirana mpaka pakati pa usiku. Bambo wina anafika pa geti ndi tochi ndi nsima m'kontena.

"Pepani aphunzitsi, mwana wangayo akulemba mayeso kapena mwamulemba ulonda? Ngati ndi ulonda, tikambirane za malipiro."

M'chipindamo munali mnyamata amene anaphunzira zaka ziwiri pa kiyibodi yojambula pa katoni ya sopo. Malo a batani lililonse ankawadziwa ali chitsinzinire. Atamukhazika pa kompyuta yeniyeni anadina A, ndipo A anatulukadi pa galasi. Mnyamatayo anadzuka, nabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Amadamu, iyi ikuyankha."

* * *

Kunena zoona, bolodi la ndalama zambiri lija silofunika kwenikweni. Mu 2007 Johnny Chung Lee, wophunzira wa pa Carnegie Mellon University, anaonetsa dziko kuti ukakhala ndi pulojekita, rimoti ya gemu ya Nintendo Wii ndi cholembera chokhala ndi kagetsi kunsonga, khoma wamba limasanduka bolodi lomvera. Pulogalamu yolembera ngati OpenBoard nayo salipiritsa. Chosowa kwathu kuno ndi khoma loyeralo, pakuti makalasi ambiri amene makolo anaumbira njerwa sanaonepo pulasitala.

Amadamu ena anathana nalo vutoli mwa kukoleka chitenje chimene analandira nthawi ya kampeni, atachitembenuza kuti nkhope iyang'ane kukhoma. Phunziro linali la njira ya chakudya m'thupi. Kummero kunayenda bwino. Koma pamene chakudya chinkafika m'chifu, dzuwa linalowa pa zenera la kuseri kwa nsaluyo, ndipo pakati penipeni pa chifucho panatulukira nkhope ya kandideti ikumwetulira.

"Amadamu, nanga abwanawo alowa bwanji m'mimba?"

Mnzake anamugwedeza ndi chigongono. "Iwe sudziwa? Kumene kuli chakudya sachedwa."

Nkhani itawapeza ahedi, analamula kuti popeza wogwira ntchito m'boma sakondera, pa phunziro la matumbo aakulu akoleke chitenje cha chipani chinacho.

* * *

Amene amalumikiza foni ku pulojekita aziyamba atseka WhatsApp. Mphunzitsi wa Giredi 3 wa ku Mchini sanatseke. Tsikulo kunali woyendera sukulu, atakhala kumbuyo faelo ili pamiyendo, ndipo ana anali akulimbana ndi chiganizo chakuti "Galu wa agogo wagona." Mwadzidzidzi pamwamba pa khoma panatsika uthenga. Ana 80 anauwerenga pamodzi, osaphonya ngakhale chilembo:

"A-ti-cha, nda-la-ma ya nkhu-ku i-ja mu-bwe-za li-ti? Mwe-zi wa-chi-ta-tu u-no."

Woyenderayo analemba m'faelo kuti anawa amawerenga Chinyanja mosadodoma ndiponso momvetsa. Potuluka ananong'ona: "Koma nkhukuyo lipirani, aphunzitsi. Ana angadzawerenge gawo lachiwiri."

* * *

Sukulu zitatsekedwa pa 20 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, boma linatsegula kanema wa maphunziro wa ZNBC TV4, ndipo aphunzitsi anaphunzira dzina latsopano, Zoom. Zoom yaulere imadula msonkhano wa gulu pakatha mphindi 40. Zikuoneka kuti amene anaikonza sanakhalepo pa msonkhano wa zoni.

Pa msonkhano wina wotere wa pa Zoom, pemphero linatenga mphindi 9, pakuti wopempherayo anatchula odwala onse mmodzimmodzi. Wapampando anapereka ulemu kwa akuluakulu onse, ena a iwo kulibe. Kenako mphindi 12 zinapita ndi "Mukundimva? Ine sindikukumvani." Tambala wa adepyute ena analira katatu, palibe anadziwa pomutsekera. Wapampando atangoti, "Tsopano mfundo yoyamba," zonse zinazima.

Mlembi analemba kuti msonkhano unatha mwamtendere, popanda wotsutsa. Dandaulo linali limodzi lokha, lochokera kwa mkulu wina amene anatumiza uthenga madzulo: "Nanga ya lanchi tisainira kuti?"

* * *

Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022, makalasi anadzaza mpaka pakhomo. Boma linalemba aphunzitsi 30,496 chaka chomwecho, koma ana anawaposa liwiro. Mpikisano wa mafunso wa Kahoot umafuna kuti ana akhale ndi mafoni, choncho m'kalasi yotere umangomveka dzina. Chimene chimathandiza ndi Plickers. Mwana aliyense amalandira khadi la pepala lokhala ndi chizindikiro chakuda cha mbali zinayi, A, B, C ndi D. Amaimika mbali ya yankho lake, mphunzitsi n'kuyendetsa kamera ya foni yake imodziyo, mayankho onse n'kulowa.

Koma makhadiwo amathera pa 63, ndipo amadamu ena anali ndi ana 104. Anawagawira awiriawiri khadi limodzi. Pa desiki ina mnyamata ankakokera ku B, mtsikana ku D, mano ali gwa, palibe wolola. Kamera inadutsa khadi lili pakati, n'kulemba C. Yankho lolondola linali C. Amadamu anawaimiritsa onse awiri kuti kalasi iwaombere m'manja chifukwa cha mgwirizano.

Khadi nambala 17 linasowa sabata yathunthu. Linapezeka ku Saturday Market litakulunga vitumbuwa.

* * *

Mu 2024 mvula inakana. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika Seputembala m'madera ambiri malaiti ankabwera maola atatu okha patsiku, kawirikawiri anthu ali mtulo. Silabasi ilibe chisoni: nthawi yomweyo ndiyo inali ya phunziro la magetsi.

Mphunzitsi wina anakatchaja laputopu kwa wometa tsitsi amene ali ndi sola, natsegula PhET. Izi ndi zoyeserera za sayansi za ku University of Colorado Boulder, zimene Carl Wieman, wolandira mphoto ya Nobel, anayambitsa mu 2002, ndipo ukazitsitsa kamodzi zimayenda popanda intaneti. Anakoka batire, anakoka waya, anakoka babu, nalumikiza. Babu linayaka pa galasipo, kuwala kuli ngwee. Kalasi yonse inapuma mpweya umodzi.

Mtsikana wa kutsogolo anakweza dzanja. "Aticha, kumeneko mvula inagwa?"

Asanayankhe, wina anali atafika kale pa tebulo, dzanja lili m'thumba. "Musazimitse aticha. Nditchajeko foni ya amayi."

* * *

Zaulere zili ndi khalidwe linanso: mwini wake akatopa nazo amatseka. Google inali ndi bolodi la pa intaneti lotchedwa Jamboard, ndipo kumapeto kwa 2024 inalitseka. Inachenjeza ndithu nthawi ikadalipo, koma mauthenga otere amawerenga ndani? Mtsikana wina wongochoka kumene ku koleji anali atakonzera maphunziro ake onse m'menemo. Anakhala m'sitafurumu misozi ili lengelenge.

Mkulu wina wotsala miyezi yochepa kuti apume pa ntchito anatsegula chikwama, natulutsa kope lakuda lachikuto cholimba, lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

"Mwanawe, ili ndinalemba mu 1992. Silifuna malaiti, silifuna pasiwedi, ndipo palibe munthu wa kutsidya kwa nyanja angalitseke. Tenga ukaphunzitsire."

Mtsikanayo analandira ndi manja awiri, nalowa m'kalasi. Posakhalitsa anabwerera.

"Atate, ana akukana. Akuti zigawo za Zambia ndi 10, osati 9. Ndiponso Zaire sakumudziwa."

Mkuluyo anavula magalasi. "Chakhumicho anawonjezera liti?"

"Mu 2011. Muchinga."

"Nanga bwanji sanandiuze?" Ananyowetsa chala ndi malovu, anafufuta 9, nalemba 10. "Basi, apudeti yatha. Za Zaire usakhudze, ameneyo akhoza kubwerera."