Ulemu kwa Sipeya Yokana Kulowa

Pa zitsulo zonse zimene okonda kuwonjezera mphamvu za magalimoto amaitanitsa ku Japan, ku Dubai kapena ku Johannesburg, palibe chonyozeka ngati sipeya imene yafika bwinobwino, ikunyezimira m'katoni yake, koma n'kukana kulowa. Mwini galimoto amaitukwana, makaniko amaiopseza ndi hamala, ndipo mapeto ake imakagona kunsi kwa bedi kudikira wina wosadziwa woti aigule. Ine ndikuti chitsulo chimenechi timachilakwira. M'malonda momwe wogulitsa aliyense amalumbira kuti katundu wake amalowa pa galimoto ina iliyonse, sipeya yokana kulowa ndi yokhayo imene imanena zoona, ndipo imazinena masana dzuwa likuswa mtengo, galimoto ikadali pa jeke, munthu asanathyoke fupa.

Onani mmene imaphunzitsira. Mnyamata akhoza kuyendetsa Toyota Altezza zaka zitatu akudziwa mtundu wa penti basi. Tsiku limene ekizozi yomwe wadikira miyezi iwiri yakana kukumana ndi injini, m'pamene amatsegula boneti n'kuwerenga kachitsulo ka nambala koyamba. Pamenepo amatulukira kuti Altezza, imene inayamba kupangidwa mu 1998, ili ndi mitima iwiri: ya SXE10 ili ndi injini ya 3S-GE ya masilinda anayi, pomwe ya GXE10 ili ndi 1G-FE ya masilinda asanu ndi limodzi. Kunja n'zofanana ngati mapasa, koma mapaipi ochokera pa injini ya iyi sangavale inayo. Pakatha sabata, munthu yemwe masamu ankawathawa kusukulu mumupeza atagwada pafumbi akuyeza mabowo a limu, akulankhula za mamilimita ngati injiniya. Wadziwa kuti mabowo asanu si onse ofanana, kuti a Altezza anayalidwa pa bwalo la mamilimita 114.3, a magalimoto ambiri a BMW pa 120, a ma Subaru Impreza ambiri pa 100. Ndi mphunzitsi uti wina amene analowetsapo manambala otere m'mutu mwa munthu popanda choko kapena chikwapu?

Ulemu wa sipeya imeneyi umaoneka bwino tikaiyerekeza ndi mbale wake wachinyengo, sipeya yovomera kulowa pang'ono. Limu ya Mercedes-Benz ili ndi mabowo asanu pa bwalo la mamilimita 112. Kusiyana kwake ndi 114.3 n'kochepa kwambiri moti diso silingaone, ndipo bowo lake lapakati n'lalikulu mokwanira kuvala habu ya Toyota. Makaniko wamphamvu akaikankha imalowa, manati n'kumangika, mwini galimoto n'kunyamuka akumwetulira. Koma bawuti iliyonse yapindidwira mkati pang'ono, tayala silinakhale pakati penipeni, ndipo pa liwiro chiwongolero chimayamba kunjenjemera ngati munthu wamalungo mpaka tsiku limene bawuti yatopa n'kuduka. Nati nayonso ili ndi chinyengo chomwecho. Ya Toyota ndi ya Nissan kapena Subaru zonse n'za mamilimita 12, koma mano a ya Toyota anatalikirana ndi 1.5 pomwe a zinazo ndi 1.25. Imalowa kawiri mokoma, kenako n'kulimba, ndiye amene ali ndi sipanala yaitali amangoti "yagwira" uku akudya mano onse. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Limu ya BMW pa Toyota sichita zachiphamaso zoterozo. Imangokana, mabowo ali uko, mabawuti ali kuno, ndipo aliyense amapita kwawo wamoyo.

Sipeya yathuyi imadziwanso za maiko kuposa woigula. Zipangizo zambiri za liwiro zimene zimatsatsidwa pa intaneti anazipangira magalimoto a ku America ndi ku Germany, komwe chiwongolero chili kumanzere. Athu a kuno, ngati a ku Japan, ku Zambia ndi ku South Africa, chili kumanja. Pa BMW 325i yakale ija imene anyamata a ku Soweto amaizunguliritsa mpaka matayala kufuka, n'kumaitcha gusheshe, mapaipi a ekizozi amatuluka kumanja kwa injini, komwenso kumadutsa mtengo wa chiwongolero. Mapaipi opangidwira galimoto ya chiwongolero chakumanzere amafika apo n'kupeza malo ali ndi mwini wake. Salimbana naye. Amangoima, ngati mlendo waulemu amene wapeza mpando uli ndi munthu.

Wina anena kuti ulemu umenewu ndi wodula: mtengo wa sipeya, ndalama yonyamulira, msonkho wapachipata, zonsezo kugulira chitsulo chongoyang'ana. N'zoona ndalama yapita, koma sinagwere m'chitsime. Yapita kwa owotcherera a ku Ndirande ndi a ku Biwi, amene akaona chitsulo chosalowa amaona ndiwo za mawa: adula apa, aboola apo, asula kachitsulo kolumikizira, ndipo luso lawo likukula chifukwa cha kulakwitsa kwa ena. Komanso wodandaulayo awerengere bwino zimene sipeya yolowa ikanamudyera. Turbo ikakwana pa injini imene inabadwa yopanda turbo, sibwera yokha ngati mkamwini wosauka. Imabwera ndi mtundu wake wonse. Ikukankhira mpweya wambiri m'masilinda, ndiye pafunika mafuta ambiri, kutanthauza ma injector aakulu, pampu yamphamvu, ndi kompyuta ya injini yokonzedwanso. Mpweya wopanikizidwawo umatentha, ndiye pafunika intercooler. Mphamvu zikachuluka kalachi imayamba kutsetsereka, ndipo kalachi ikasinthidwa mabuleki akale sakwananso. Amene waumira n'kudumpha mmodzi mwa alendowa, makamaka wa mafutayo, injini imamwa mpweya wochuluka pa petulo wochepa, moto n'kukula, pisitoni n'kusungunuka. Turbo imene yakana pakhomo pomwe yathamangitsa khamu lonseli ndi ndalama imodzi yokha. Kunena chilungamo, mwini galimoto anayenera kuipachika pakhoma m'chipinda chochezera, pafupi ndi chithunzi cha ukwati.

Otsutsa anzeru kwambiri amati vuto lonseli likanapeweka munthu akanayamba wafunsa: nambala ya chasisi, dzina la injini, chaka chopangidwa, mbali ya chiwongolero, kenako n'kuitanitsa. Safunsa anadya phula, iwo amatero, ndipo sindingawatsutse. Koma akuiwala kuti amene waona chithunzi cha malimu agolide pafoni pakati pa usiku samva malangizo. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha, ndipo sipeya yokana kulowa ndiyo nyanga yokhayo imene imafota popanda kupha mwanayo. Akuiwalanso kuti ngakhale wofunsa amagwa. Impreza WRX STI inali ndi mabowo pa 100 ngati azibale ake, koma pofika 2005 inali itasamukira pa 114.3, WRX wamba itatsala pa 100. Wogula akhoza kutchula dzina lolondola, wogulitsa n'kuvomera ndi mtima woyera, katoni n'kufika, malimu n'kukana. Anthu onse alankhula zimene akuganiza, koma chitsulo chokha ndi chimene chayeza.

Ndipo tisaiwale zimene imachitira mudzi. Galimoto yodikira sipeya ina imakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, italemekezedwa ndi lona. Simwa petulo, sidzutsa makanda ndi ekizozi yobangula usiku, sikhulitsa mimba pa mahampu chifukwa choti anaitsitsa kwambiri, ndipo wapolisi wa pamsewu saidziwa n'komwe. Mwini wake amauza anzake kuti ikadzatuluka palibe amene adzaione kumbuyo kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Salima, ndipo palibe angamutsutse, pakuti liwiro la galimoto yosayenda silinayezedwepo. Pakali pano nkhuku yaikira mazira asanu ndi awiri m'limu yatsopano ija, ndipo pamenepo yakwana ndendende.