Keke ya agogo ikadyedwera ku Thumbi

"Mwaiona minibasi yakhotayo? Onse m'menemo avala chitenje chimodzi!"

Amene adayambitsa nkhaniyi ndi mayi wogulitsa mandasi pamphambano pamene msewu wa ku Cape Maclear umapatukira kuchoka mu msewu wopita ku Monkey Bay. Pamalopa sipasowa anthu. Anyamata a kabaza amausa pamthunzi, amayi amayala usipa ndi tomato, ndipo odikira matola amangokhala, makutu ali tcheru. Minibasi ija idaima pang'ono kuti dalaivala agule madzi akumwa, choncho tonse tidaona zomwe zidali mkati: ana, akuluakulu, mapoto, ndi gogo wina kumpando wakutsogolo atafungatira katoni ya keke.

"Ndawafunsa ine," adatero mnyamata wina wa kabaza. "Achokera ku Ntcheu. Agogowo akwanitsa zaka 70 lero, ndiye ana awo achita hayala boti kuti keke akadyere pachilumba cha Thumbi. Akuti chibadwire nyanja sadaioneko."

"Keke pachilumba!" adatero mayi uja akuomba m'manja. "Ndalama zimenezo si matumba angati a feteleza? Zimenezo n'za azungu, achimwene. Ife tsiku lobadwa timangoliwerenga pachitupa."

Pambali padakhala bambo wina wachikulire wa ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, yemwe manja ake amaonetseratu kuti adakalambira pa nkhafi ndi chilimira. Adayamba watsokomola kaye.

"Achemwali, maliro a masiku ano mumawaona. Munthu akatsikira kulichete, ana amabwera ndi bokosi lonyezimira kuchokera m'tauni. Chaka chikatha amanga chiliza cha matailosi, asoketsa yunifolomu, apha mbuzi. Pamenepo sindidamvepo wina akuwerengera matumba a feteleza. Lero ana atenga mayi wawo maso akuona, pakamwa pakulawa, ndiye mukuti akuwononga?"

Padakhala zii. Mayi uja adatembenuza mandasi m'beseni osayankha.

Mnyamata wa kabaza, yemwe adati nthawi ina ankathandiza mkulu wake kuperekeza alendo pa boti, adayamba kulongosola zomwe agogowo akakumane nazo. Thumbi chimaonekera pagombe la Chembe pomwepo, ndipo pa boti la injini munthu amafikako asanatope n'kukhala. Kumiyala ya m'mphepete mwake madzi ndi oyera mbee, moti nsomba za mbuna zimaoneka ngakhale munthu asanavale magalasi osambira: zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikubudula ndere pamiyala. Woyendetsa boti akaimba mluzu n'kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi imatsika kuchokera mumtengo n'kukawakha ndi zikhadabo. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro, anyamata amawotcha kampango, amaphika mpunga kapena nsima, alendo n'kudya miyendo ili m'madzi.

"Nkhwazi yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu," adaonjezera mnyamatayo. "Agogowo akhala akuiona pazikalata za boma zaka zonsezi. Lero akaimva ikulira."

Ndidamvetsera bwino, ndipo mawu a mayi uja akuti "n'za azungu" adandikhala pamtima, chifukwa ndi mawu omwe ambiri tidakula nawo. Adachokera kutali. Dzina loti Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mishoni ya Livingstonia idayambira pamalo omwewa mu 1875, ndipo malungo atapha ena mwa amishoniwo, otsala motsogozedwa ndi Dr Robert Laws adasamukira ku Bandawe mu 1881. Manda awo akadalipo. M'zaka zathu zino magombe adadzaza malo ogona alendo, mitengo yake nthawi zina ili m'madola. Mwana wa ku Ntcheu kapena ku Mchinji adakula akudziwa kuti nyanja ndi kochokera usipa, ndipo kukasangalalako n'kwa eni ndalama ochokera kunja.

Komatu boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980 pofuna kuteteza nsomba za m'nyanja yathu, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Chifukwa chachikulu ndi mbuna zomwe zija, mitundu yambirimbiri yosapezeka m'nyanja ina iliyonse, nsomba zosunga mazira ndi tiana tawo m'kamwa mpaka titakhwima. Akatswiri amauluka maulendo ataliatali kudzaziona. Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zonse zili m'paki imeneyi, ndipo Mmalawi amalipira ndalama yochepa polowa poyerekeza ndi mlendo wakunja. Chuma chimene dziko lonse likuchidziwa, mayi wa zaka 70 wa m'dziko lomweli ayenera kuchiona ndi maso ake.

Mayi wa mandasi adali asadagonje. "Chabwino, bambo. Nanga boti litatembenuzika? Gogo wa kumapiri kusambira akudziwira kuti?"

"Apo ndiye mwafunsa zenizeni," adatero mkulu uja, nkhope itasintha. "Nyanja saiseweretsa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera ukakwiya, ngakhale ife obadwira pompano timakokera mabwato kumtunda. Wofuna chisangalalo apite m'mawa madzi akadali bata, ndipo mwini boti akati lero ayi, amvere. Aliyense avale jekete yoyandamitsa, kuyambira khanda mpaka gogo, boti lisanachoke pamchenga. Ngati majekete ndi khumi, okwera akhale khumi. Ndipo woyendetsa asalawe mowa, ngakhale eni phwando amukakamize chotani. Ku Mumbo n'kutali, pafupifupi makilomita 10, kumeneko sikopita ndi boti lodzaza ngati matola."

Adanenanso za ulemu woyenera malowo. Pafupi ndi zilumbazo saloleza kuponya ukonde kapena mbedza, ndipo asodzi a ku Chembe, omwe mudzi wawo udazunguliridwa ndi pakiyo, amayenera kupalasa kupita kutali kuti akaphe utaka ndi usipa. "Ngati ife tidasiya kuwedza pamenepo kuti nsomba zisungike," adatero, "obwera ndi keke asatisiyire majumbo ndi mabotolo pamiyala. Chomwe wapita nacho, bwera nacho."

Ine ndili mbali ya mkuluyu. Feteleza ngofunika, ndipo palibe mwana wanzeru angasiye munda wa mayi wake uli wosathira kuti akakwere boti. Koma mabanja ambiri omwe amati ndalama palibe ndi omwewo amasonkha msangamsanga uthenga wa maliro ukafika pa foni. Luso losonkha tili nalo kale. Abale asanu atamaika pambali kangachepe mwezi ndi mwezi, monga amachitira a banki m'khonde, pofika Seputembala kapena Okutobala, nyanja ikamakhala yodekha, minibasi ndi boti zikhoza kulipiridwa popanda ngongole. Ndalamayo imatsalanso m'manja mwa anzathu: woyendetsa boti, msodzi wogulitsa kampango, mayi wophika, mnyamata wa kabaza.

Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mayi amene adatibereka kumsana popita kumunda, amene adagulitsa mtedza kuti tipeze fizi, ulemu wake aulandire akumva, akuseka, adzukulu akumuimbira. Ngati makolo anu akadali moyo ndipo nyanja amangoimva pa wailesi, funsani tsiku lomwe adabadwa, itanani abale anu, muyambe kusonkha mwezi uno.