Ulemu Upite kwa a Mbozi a pa Mtengo wa Mandimu

Gulugufe watamandidwa mokwanira. Amamujambula pa zitenje, pa makadi a ukwati ndi pa zipupa za sukulu za mkaka, chonsecho ntchito yake ndi kungoyendayenda m'maluwa atatchena. Amene amavutika usana ndi usiku kuti mapiko okongolawo akhalepo satchulidwa n'komwe, ndipo akangopezeka pa tsamba amagwetsedwa ndi kamtengo n'kupondedwa. Nthawi yakwana yoti a Mbozi nawonso awomberedwe m'manja, makamaka a Mbozi a pa mtengo wa mandimu, amene akatswiri amawatcha Papilio demodocus, omwe amapezeka pafupifupi kulikonse mu Africa kummwera kwa chipululu cha Sahara.

Alimi a manachesi ku Mwanza ndi ku Neno amawadziwa bwino akuluakuluwa, ndipo sawatchula ndi mawu aulemu. Mbande imene inali yobiriwira Lolemba ikhoza kutsala kandodo kokha pofika Loweruka. Koma mlimi amangowerenga masamba otayika. Ulemerero weniweni wa a Mbozi amauona ndi munthu amene wawalowetsa m'nyumba, kuwaika m'botolo lalikulu lovindikira ndi kachidutswa ka neti ya udzudzu, n'kuvomera kukhala wantchito wawo kwa milungu ingapo.

Khalidwe loyamba lofunika kuyamikira ndi kusawononga chuma. Mayi wawo amalawa tsamba ndi miyendo, ndipo akakhutira kuti ndi la mandimu, malalanje kapena manachesi, amasiyapo kadzira kamodzi kobulungira pa tsamba lanthete. Sabata isanathe a Mbozi amatuluka, ndipo chakudya chawo choyamba ndi chigoba cha dzira limene atulukamolo. Khungu likayamba kuwathina amafundula, ndipo nthawi zambiri amatembenuka n'kudya chovala chakalecho. Palibe chotaya, palibe chopita kudzala.

Lachiwiri ndi kudzichepetsa. Zolengedwa zina zimalimbirana kuoneka bwino, koma a Mbozi ali aang'ono amasankha kufanana ndi chitosi cha mbalame: thupi loderapo, chigamba choyera pakati, n'kukhala phee pamwamba pa tsamba, poonekera aliyense. Pumbwa amadutsa, kuyang'ana, n'kupitirira, poti ndani angajomphe chitosi? Amapirira maonekedwe amenewa m'magawo anayi mwa magawo asanu a umbozi wawo. Akafika gawo lomaliza m'pamene amavala zobiriwira zosalala, zokhala ndi timadontho tonga maso kumbuyo kwa mutu, atatalika pafupifupi masentimita anayi ndi theka.

Asanamizidwe munthu kuti ndi amantha. Mwana wa m'nyumbamo akawagunda ndi chala, amatukula mutu n'kutulutsa kanyanga kofewa, kamphanda, kofiirira, kuchokera kuseri kwa mutu. Kanyangaka sikabaya, koma kamatulutsa fungo loti nyerere ndi akangaude amabwerera m'mbuyo, ndipo mwanayo amathamangira kukasamba m'manja popanda womutuma. Makolo ambiri alephera kuphunzitsa ana ukhondo kwa zaka, a Mbozi amatha ntchitoyo m'mphindi imodzi.

Pa nkhani ya chakudya ndi okhulupirika kotheratu. Wowalera akhoza kuwapatsa nkhwani, chigwada, bonongwe kapena mpiru, iwo amangonunkhiza n'kutembenuka. Angalole kufa ndi njala kusiyana n'kudya masamba amenewa. Motero m'mawa uliwonse pamafunika masamba atsopano, anthete, osapoperedwa mankhwala. Pamafunikanso kukhuthula tizitosi touma timene timadzaza pansi pa botolo, kulipukuta kuti musachite nkhungu, kulichotsa padzuwa, ndi kulisanjika pamalo poti nyerere sizingafike. Mtengo wa pakhomo ukayamba kuoneka nthambi zokha, mwana amatumidwa kwa aneba: "Odi kuno! Amayi akuti mutigaireko masamba a mandimu." Anebawo amathyola modandaula, n'kufunsa kuti chimfine chagwira ndani. Tsiku lachitatu amafika okha kudzazonda wodwala, n'kupeza banja lonse lazungulira botolo likuonerera chamoyo chikutafuna. Ndi mlendo uti wina amene amalimbitsa ubale wa pamudzi chonchi?

Thupi lawo nalonso si lamasewera. Ali ndi timaso 12, tisanu ndi kamodzi mbali iliyonse, ngakhale kuti sitiona zambiri kuposa kuwala ndi mdima. Ali ndi miyendo yeniyeni isanu ndi umodzi, komanso ina khumi yogwirira nthambi. Cha m'ma 1760, Pierre Lyonet wa ku Netherlands anatumbula mbozi ya mtundu wina yoboola mitengo, nawerenga minofu 4,041. Munthu, ndi matama ake onse, ali nayo yongopitirira 600.

Koma chionetsero chachikulu chimabwera kumapeto. Tsiku lina a Mbozi amangosiya kudya. Amatsuka m'mimba, kusiya chithaphwi chobiriwira chimene chimachititsa wowalera kuganiza kuti maliro ayandikira, kenako amayamba kuyenda osapuma kufunafuna malo. Ngati neti inali yosamangitsa, amapezeka pa katani, kuseri kwa kabati, kapena pa mwendo wa mpando umene abambo amakhalira, ndipo mpandowo umakhala woletsedwa mpaka mwambo utatha. Akapeza malo amaluka kamphasa ka ulusi n'kukolekapo mchira. Kenako amapinda mutu uku ndi uku, kuluka lamba wopyapyala, n'kumulowetsa kumsana kuti atsamire, mutu uli m'mwamba. Amakhala choncho tsiku lathunthu kapena kupitirira, thupi litafupika, osasuntha. Wowalera amadikira, tiyi n'kuzizira. Ndiye khungu limang'ambika kuseri kwa mutu, thupi limagwedezeka n'kukankhira khungulo kumchira, lambayo osaduka, mpaka kachikopa kokwinyika kagwera pansi. Chotsala ndi chikwa chouma, chobiriwira kapena chofiirira, chofanana ndi kanthambi kothyoka. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa chabe, ndipo a Mbozi ali ndi luso lozichita pa nthawi imene wowalera watuluka kukaona ngati nyemba zapsa.

Chikwa chimenechi sichilukidwa ngati cha mbozi za silika za ku China. Ndi khungu latsopano limene linali kupangika pansi pa lakale. M'kati mwake minofu yambiri imasungunuka, ndipo timagulu ta maselo timene tinali chibisalire chibadwire timayamba kumanga mapiko, miyendo yaitali ndi kamlomo koyamwira timadzi ta m'maluwa. Mu 2008 akatswiri a pa yunivesite ya Georgetown ku America anapeza kuti mbozi za mtundu wina zodya fodya, zitaphunzitsidwa kudana ndi fungo linalake, zinapitiriza kulipewa zitamera kale mapiko. Anthu ena amaiwala ngongole akangosintha nambala ya foni. A Mbozi amasintha thupi lonse koma phunziro osalitaya.

Wolera mbozi asachite manyazi, chifukwa ntchitoyi ili ndi mbiri. Maria Sibylla Merian, wobadwira ku Frankfurt mu 1647, anayamba kuweta mbozi za silika ali ndi zaka 13, pa nthawi imene ambiri ankakhulupirira kuti tizilombo timangobadwa m'matope. Mu 1679 anatulutsa buku la zojambula zoonetsa mbozi, chikwa ndi gulugufe pa chomera chimene zimadya, ndipo mu 1699 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Suriname kukaona mbozi zakumeneko. Mayi ameneyu amakumbukiridwa mpaka lero, pomwe ambiri mwa anthu amene ankaponda mbozi m'nthawi yake anaiwalika.

Nthawi zina ulendo umathera panjira, ndipo apa m'pamene kuwolowa manja kwa a Mbozi kumaonekera. Pali timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi lawo kapena m'chikwa chanthete akadali kumtengo. Banja limadikira gulugufe, koma m'mawa wina chikwa chimapezeka ndi kabowo, m'botolo muli timavu tambirimbiri. A Mbozi analera ana a eni ndi thupi lawo lomwe, osadandaula.

Mtundu wawo ndi waukulu, ndipo muli abwino ndi oipa. Matondo ndi mphalabungu ndi ndiwo zodalirika m'madera ambiri, moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu ozungulira nkhalango ya Kasungu analoledwa kulowamo kukatola matondo. Ntchemberezandonda zinachititsa boma la Malawi kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Onsewa amasanduka akadziwotche. A Mbozi a pa mandimu sanafikepo podyetsa mudzi, komanso sanagwetsepo dziko m'mavuto. Amangotenga chakhumi chawo pa mtengo umodzi.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo uyu amasunga mwambiwo. M'nyengo yofunda, pakatha milungu iwiri kapena itatu chikwa chimada, mawanga achikasu a mapiko n'kuyamba kuonekera m'kati. Chimang'ambika, kawirikawiri m'mawa, ndipo gulugufe amatuluka mapiko ali okwinyika ndi onyowa. Amalendewera ola limodzi kapena awiri akupopera madzi a m'thupi m'mitsempha ya mapikowo mpaka atatambasuka, akuda ndi achikasu. Akatero amauluka osatsanzika. Ngati ndi wamkazi, posakhalitsa amakhala akulawa masamba a mandimu ndi miyendo, mwina pa mtengo womwewo umene ukungophukira kumene.

Alendowa amachuluka m'nyengo ya mvula, makamaka mu Disembala, n'chifukwa chake ku South Africa ena amati ndi gulugufe wa pa Khirisimasi. Owerenga amene muli ndi mtengo wa mandimu pakhomo, kayang'aneni masamba anthete mvula ikagwa, ndipo chitosi chilichonse chimene chikusuntha muchipatse ulemu. Musalowetse m'nyumba oposa awiri kapena atatu, ndipo musanatero kapepeseni kaye kwa aneba, chifukwa mtengo wawo ndiwo ukalipire.