Proxima b: Dziko Losayenera Munthu wa Dazi

Proxima Centauri ndi nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, ngakhale kuti kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kufike kuno. Ndi yaing'ono, yofiira, ndipo moto wake ndi wofooka poyerekeza ndi wa dzuwa. Mu 2016, akatswiri otsogoleredwa ndi Guillem Anglada-Escudé adalengeza kuti apeza pulaneti, Proxima b, lomwe limaizungulira pa mtunda woti madzi akhoza kukhalapo osauma kapena kuundana. Nkhaniyi idasangalatsa anthu a mitundu iwiri: asayansi ndi ofuna kuthawa ngongole. Wolemba danga lino si wasayansi.

Chaka cha kumeneko ndi masiku 11 okha. Ndiye kuti Khirisimasi imagwa pafupifupi katatu pamwezi, chinthu choopsa kwa bambo amene nkhuku ya Disembala watha sanamalizebe kulipira.

Koma vuto lenileni ndi maginito. Mkati mwa nyenyezi muli mpweya wotentha zedi womwe umatakasika osaleka, ndipo kutakasikako kumabala mphamvu ya maginito. Mizere ya mphamvuyi imapotana ndi kukokeka ngati mphira ya legeni mpaka kuduka, n'kulumikizananso mwadzidzidzi. Pamenepo nyenyezi imalavula malawi. Dzuwa nalo limatero: mu Malichi 1989, mkuntho wochokera ku dzuwa udazimitsa magetsi ku Quebec, m'dziko la Canada, kwa maola 9. A ku Canada adazilemba m'mabuku a mbiri. Kudera la wolembayu, maola 9 a mdima amangowatcha Lachiwiri.

Nyenyezi zazing'ono zofiira ndiye zaukali koposa. Pa 1 Meyi 2019, gulu la Meredith MacGregor, lomwe linkayang'ana Proxima Centauri ndi makina oonera zakuthambo okwana 9, kuphatikizapo Hubble ndi ALMA ya ku Chile, lidaona lawi la masekondi 7 okha. M'kanthawi kameneko, cheza cha ultraviolet chidakwera kuwirikiza ka 14,000. Pulaneti lija lili pafupi ndi nyenyezi yake kuwirikiza ka 20 kuposa mmene dziko lathu liliri ndi dzuwa. Tsono wolembayu ali ndi dazi lomwe limasupuka ndi dzuwa wamba la Okutobala, ndipo chipewa chake, chomwe adachipeza pa kaunjika, chidabooka pakatikati penipeni.

Malawi otere akamabwerezabwereza amatha kukokolola mpweya wokuta pulaneti, ndipo popanda mpweya madzi sakhalitsa. Dziko lathu lili ndi chishango chake cha maginito. Mars adataya chake kalekale, ndipo chombo cha MAVEN chidaonetsa mphepo ya dzuwa ikumukokolola mpweya pang'onopang'ono. N'chifukwa chake akatswiri sakhutira ndi mtunda wokha. Amayezanso ukali wa nyenyeziyo.

Chotsala ndi mayendedwe. Pa liwiro la chombo cha Voyager 1, ulendowu ndi wa zaka zoposa 70,000. Amene adamukongoza wolembayu akhazike mtima pansi: munthu wawo ali pomwe pano.