Digiri ya Chifalansa Ikusaka Msika

Ena amapita ku yunivesite kukaphunzira udokotala, ena zamalamulo, ena zaulimi ku Bunda. Amenewo akatsika basi kumudzi ana amalimbirana kuwanyamulira chikwama. Ndiye pali ife amene tinapita ku Zomba n'kukatha zaka zinayi tikuphunzira kulankhulira m'mphuno. Digiri yanga ndi ya Chifalansa, abale inu, ndipo chikwama changa ndimanyamula ndekha.

Malume, amene anagulitsa mbuzi zawo kuti fizi ikwane, anandikhazika pansi pa mtengo wa mango. "Mphwanga, ku Mozambique ndi Chipwitikizi, ku Tanzania Chiswahili, ku Zambia Chinyanja chathu chomwechi. Chakocho uzikalankhula ndi ndani?" Ndinakonza kolala n'kuwafotokozera kuti Chifalansa ndi chimodzi mwa zilankhulo 6 za bungwe la United Nations, kuti ku African Union, ku SADC ndi ku COMESA ku Lusaka sachita msonkhano popanda womasulira. Anamvetsera mpaka pamapeto. "Chabwino. Akakuitana undiuze." Mpaka lero ndilibe chowauza.

Musamaone ngati ndi maphunziro a anthu aulesi. M'Chifalansa chinthu chilichonse chimakhala chachimuna kapena chachikazi: tebulo ndi lalikazi, buku ndi lalimuna, ndipo ukafunsa chifukwa amangoti loweza. Zilembo zakumapeto kwa mawu amalemba koma satchula, inki kungowonongeka. Nanga kuwerenga manambala! Mfalansa akafika pa 70 amati 60 ndi 10. Pa 80 amati ma 20 anayi. Pa 99 amati ma 20 anayi, 10, ndi 9. Ife tinatopa ndi "makumi asanu ndi atatu" mpaka tinathawira ku Chingerezi powerenga ndalama, koma iwowa anakakamira. Pamayeso omvetsera ankatiwerengera nambala ya foni, ine ndikamamaliza kuwonkhetsa nambala yoyamba anzanga akupereka kale mapepala. Komatu ndinasankha Chifalansa pothawa masamu.

Choopsa kwambiri chinali R. Mchewa weniweni L ndi R amawasinthanitsa mmene wadzukira, palibe mlandu. R wa ku France ndiye amachokera kukhosi kwenikweni, kumene kumakhala makhololo. Usiku wina ndikuyeserera m'chipinda, mnzanga wogona naye anadumpha pabedi n'kundipatsa chibakera cha kumsana, ati ndatsamwa ndi munga wa utaka. Ndinamuthokoza, poti cholinga chake chinali chabwino, koma ndinagona chafufumimba mpaka Loweruka.

Za chikhalidwe ndiye tinakhuta nazo. Ndinalemba masamba ambirimbiri za vinyo wa ku Bordeaux ndi tchizi cha Camembert, m'mimba muli zigege ndi thobwa. Ndikudziwa kuti anthu a ku Paris anagumula ndende ya Bastille pa 14 July 1789, ndi kuti mfumu Louis XVI anaidula mutu mu 1793. Sewero la Molière la mu 1668, la mkulu woumira Harpagon amene anakwirira kabokosi ka ndalama m'munda, sindinavutike nalo chifukwa alandilodi anga ndi otero ndithu. Koma amene ndinamumvetsa ndi mtima wonse ndi Jean Valjean wa m'buku la Victor Hugo la mu 1862, uja anaba buledi chifukwa cha njala, n'kukhala m'ndende zaka 19 atawonjezeredwa zina poyesa kuthawa. Funso la iyeyu ndinakhoza bwino kuposa onse m'kalasi.

Pano kwathu ntchito za Chifalansa ndili nazo, malipiro okha ndiye palibe. Azimayi amabwera ndi mabotolo a mafuta odzola kuti ndiwawerengere zolembedwa kumbuyo. Kumalo omwera chakumwa, nyimbo ya Franco kapena Kanda Bongo Man ikangoyamba, onse amatembenukira kwa ine: "Bwana digiri, akuti chiyani pamenepa?" Nyimbozo zambiri ndi za m'Chilingala, chimene sindinachiphunzirepo. Koma munthu wa digiri sanena kuti sakudziwa. Ndimatseka maso, kugwedeza mutu pang'onopang'ono, kenako n'kulengeza kuti mkaziyo wamuthawa. Sindinagwidwepo.

Chimene sindinkachiganizira ndili pasukulu n'chakuti Chifalansa chili pafupi kuposa Paris. Mzinda wa Kinshasa wokha uli ndi anthu ambiri kuposa Paris. Léopold Senghor, pulezidenti woyamba wa Senegal, anasankhidwa mu 1983 kukhala pa umodzi mwa mipando 40 ya Académie française, bungwe loyang'anira chilankhulochi kuyambira mu 1635. Ndipo konkuno ku Dowa, pamsasa wa Dzaleka umene unatsegulidwa mu 1994, kuli anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Nditamva zimenezi ndinasita shati n'kupita kukaonetsa mphamvu. Ndinapeza mayi wina akugulitsa tomato, n'kumupatsa moni wautali wa m'mabuku, R aliyense pamalo pake. Anandiyankha ngati matalala padenga lamalata. Ndinatolapo liwu limodzi, lomaliza. Ndinamwetulira. Anabwereza. Ndinamwetuliranso. Ataona thukuta likutsika, anandimvera chisoni: "Achimwene, mukufuna wa zingati?" Mayiyo Chiswahili akuchidziwa, Chifalansa akuchidziwa, Chichewa chake chosalala, ndipo palibe mbuzi ya munthu imene inagulitsidwa. Ndinagula mulu umene sindinkaufuna.

Masiku ano ndikuphunzitsa pa sukulu ina yapulaiveti. Anandilemba chifukwa cha digiri, koma anandipatsa Jogalafe ndi kuyang'anira mpira wa atsikana.

Choncho inu owerenga, mukamva kuti dalaivala wa thiraki yochokera ku Lubumbashi wasowa womasulira pachipata cha Mchinji, nditumizireni uthenga. Mtengo tikambirana. Ingomuuzanitu kuti azilankhula pang'onopang'ono, ndipo manambala azichita kulemba papepala.