Bwana Akakulembera Chingerezi, Usafulumire Kuwomba M'manja

Mphwanga, ndamva kuti boma lakulemba ntchito ndipo kalata yako ikuti upite ku Chama. Usalire. Mpunga wakumeneko ndi wonunkhira, anthu a mfumu yaikulu Kambombo amadziwa kulandira mlendo, ndipo msewu wochokera ku Lundazi udzakuphunzitsa kuleza mtima usanafike n'komwe. Za njovu za kwa Chifunda akakuuza eni ake. Ine ndikufuna ndikuchenjeze za Chingerezi.

Kumsika ukamva Chisenga, m'kalasi Chinyanja, koma chaka chikatha bwana wako adzatulutsa fomu ya APAS, ija yopimira antchito a boma, n'kulembapo za khalidwe lako m'chilankhulo cha anthu amene anatilamulira mpaka 1964. Anthu amenewo anatisiyira mawu ambirimbiri onenera munthu wothandiza. Onse amakoma m'khutu. Ena n'kukuyamikiradi, ena n'kukunena pamaso pako iwe uli mano mbee.

Akakulemba kuti ndiwe helpful, yamika Mulungu, koma za kukwezedwa iwala. Mawuwa akutanthauza kuti ntchito imayenda iwe ukakhalapo. Mayi wachokera kwa Chikwa, wapalasa njinga usiku, wafika ndi mapepala osakwanira, iwe wamuuza zonse zimene zikusowa tsiku lomwelo m'malo momubweza katatu. Tsoka lake n'lakuti wapindula ndi mayiyo, ndipo mayiyo salemba APAS. Komanso munthu wotere sasunthidwa, chifukwa akamuchotsa pamenepo ofesi yonse iululika kuti inkayenda ndi munthu mmodzi. Ukafuna kumera imvi pa desiki imodzi, thandiza anthu.

Cooperative ukaganiza kuti ukuwadziwa kale, poti mudzi uliwonse uli ndi kopaletivi yake ya feteleza wa FISP, ndipo chiyambire 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zinalumpha kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ngakhale anthu amene sapatsana moni anakumbukira kuti ndi gulu limodzi. Koma pa fomu yako mawuwa alibe feteleza. Akungonena kuti suvuta. Apolisi nawo amanena mawu omwewa pofotokoza munthu amene sanalimbelimbe pomuveka unyolo.

Willing ndiye wankhanza akakhala yekha. Bwana akalemba kuti ndiwe willing n'kuikapo mpumiro, wanena kuti mtima ulipo. Za mutu sananene.

Tsopano khala bwino, chifukwa apa m'pamene msana umayambira kupindika. Obliging anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kumanga, ndipo womangidwayo ndiwe. Munthu wa helpful amayamba wafunsa ngati chinthucho chikufunikadi kuchitidwa. Wa obliging safunsa, ndipo amachita akumwetulira, kumene kuli kofunika kuposa ntchitoyo. Mthuthuthu wa ofesi watha mafuta, wagula ndiwe. Bwana akufuna matumba awiri a mpunga akafike kwa akunyumba ku Chipata, wanyamula ndiwe pa basi, ndipo ndalama ya katundu sunaitchule poopa kuoneka wamwano. Sitinganene kuti ndi mawu achipongwe. Angerezi amawanena moyamikira ndithu, monga mmene munthu amayamikirira mnansi amene ali ndi wilibala.

Accommodating ndi mawu amene uyenera kuwalemekeza mwapadera, chifukwa ndi dzina lachiwiri la boma limene ukupitalo. Mu 2011, Pulezidenti Michael Sata atakhazikitsa chigawo cha Muchinga, Chama inachotsedwa ku chigawo cha Kum'mawa, ndipo anthu amene ankatengera mafayilo awo ku Chipata anauzidwa kuti likulu lawo tsopano ndi Chinsali, kutsidya kwa Luangwa, kudzera msewu wa Matumbo. Anavomera. Mu November 2021, Pulezidenti Hakainde Hichilema anaibwezera Kum'mawa. Anavomeranso. Boma lathunthu, mafumu ake onse, a Tembwe, a Chibale, a Mulilo, a Lundu ndi ena, linasamuka kawiri pa zaka 10 popanda nkhokwe ngakhale imodzi kusuntha. Kumeneko ndiko kukhala accommodating: kusintha mapulani ako kuti a mnzako akwanire. Munthu wotere ali ngati mphasa, amaiyala pamene mlendo wafuna kukhala, osati pamene iyo yafuna kugona.

Ndipo samala, pakuti kwathu kuno mawuwa ali ndi m'bale wake amene mphunzitsi aliyense wakumudzi amamulota, accommodation, nyumba ya boma. Ukangodziwika kuti ndiwe accommodating, uli ndi chipinda chimodzi chokha koma mudzagona aphunzitsi oyeserera awiri, dalaivala amene galimoto yake yatitimira m'matope, ndi mwana wa mlongo wake wa bwana amene akudikira mayeso a giredi 12.

Mawu onsewa akhoza kukugwera tsiku limodzi, pa mpando umodzi. Tiyerekeze uli pa mwambo wa Kwenje, pamene Asenga asonkhana, alendo a boma ali m'tenti. Waona agogo ataimirira padzuwa n'kuwapatsa mpando, ndiwe helpful, ndipo palibe wakuona. Wanyamulira mpando womwewo mlendo wolemekezeka atakupempha, ndiwe obliging. Wamupatsa mpando wako iwe n'kukhala pansi, accommodating. Wathamanga nawo asanakupemphe, n'kuupukuta ndi mpango wako wa m'thumba, maso ali pa nkhope yake kuti uone ngati wakondwa, apo Angerezi amati eager to please, ndipo amanena mokumvera chisoni pang'ono, chifukwa mawuwa amanenanso ana agalu. Ukaupukutanso kachiwiri iye atakhala kale, n'kuyamba kuseka nthabwala imene sanaimalize, wafika pa obsequious. Ukafika pamenepo sabwerera. Charles Dickens anaumba munthu wotere dzina lake Uriah Heep m'buku la David Copperfield la 1850, kalaliki wodzichepetsa mpaka kunyansa, amene mwakachetechete ankadya chuma cha bwana wake. Mabwana amene anawerenga bukulo amaopa munthu wa obsequious. Mwayi wako ndi wakuti ambiri sanaliwerenge.

Ife pamenepa sitizungulira. Timati muzungu anikonde, basi, ndipo mzunguyo ngakhale anapita kalekale dzinalo linatsala likudikira aliyense amene wakhala pampando wake. Koma usaganize kuti azungu eni ake sankawerama. Makalata a boma a nthawi ya atsamunda ankatsekedwa ndi mawu akuti "your obedient servant", kutanthauza kapolo wanu womvera, ndipo ankalemba choncho ngakhale bwanamkubwa pokukaniza chimene wapempha. Ndiye kuti m'Chingerezi munthu akhoza kudzitcha yekha kapolo n'kukhalabe bwana, koma wina akakutcha servile, kuchokera ku mawu omwewo a ukapolo, wakuvula.

Pali mawu awiri amene ndimawaopa kuposa onse chifukwa amapha munthu kudzera kwa wotayipa. Complaisant ndi munthu wofewa, wofuna kusangalatsa anzake. Complacent ndi munthu wokhutira ndi iye mwini, amene sakuonanso chifukwa cholimbikira. Pakamwa amamveka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo kompyuta ya muofesi, imene imayaka magetsi akakhalapo, siidziwa kuti bwana amafuna uti. Ukhoza kutha chaka chonse ukunyamula zikwama za anthu, fomu n'kukafika ku Chipata ikunena kuti ndiwe mlesi wodzimva. Choncho fomu usasayine ukumva ndi khutu. Iwerenge chilembo ndi chilembo, chala chili pa pepala.

Officious asakunamize poti muli mawu akuti ofesi. Ameneyo ndi uja amathandiza pamene sanaitanidwe, amaimika anthu pamzere kale ali pamzere, amafunsa chiphaso kwa mfumu ya m'mudzi mwake momwe. Sycophant, mawu amene Agiriki akale a ku Athens ankanenera munthu woneneza anzake milandu, lero ndi wosyasyalika, ndipo ukayang'anitsitsa uona kuti ntchito ziwirizi mpaka pano amagwira munthu mmodzi: m'mawa atamanda bwana, masana amuuza amene anafika mochedwa.

Ndiye uime pati? Langizo langa n'lakuti Lolemba mpaka Lachinayi ukhale helpful, kuti anthu a kwa Tembwe akadzamva kuti wadwala adzakubweretsere nkhuku. Lachisanu, bwana akamakonzekera ulendo, ukhale obliging pang'ono, thumba limodzi osati awiri. Eager to please uisunge ya tsiku limene kwabwera alendo ochokera ku Lusaka, ndipo isapitirire ola limodzi, chifukwa masaya amatopa ndipo anzako akukuona. Obsequious usaiyese uli watsopano. Imafuna luso, imafunanso kudziwa kuti bwanayo akhala nthawi yaitali bwanji, ndipo m'boma limene ngakhale chigawo chimasintha, amene dzulo ankatchedwa loyal amadzuka m'mawa akutchedwa kada wa chipani chakale, kalata yomusamutsira kusukulu imene nthawi ya mvula amafikako pa bwato ili kale pa tebulo.

Pamapeto pa fomu pali kabokosi kakuti nawenso ulembemo maganizo ako pa zimene bwana wanena. Usalembemo kuti wathokoza kwambiri, angakuwonjezere obsequious ndi bolopeni yofiira. Usalembenso kuti sukugwirizana nazo, chifukwa kwa anthu otero Chingerezi chili ndi mawu ena ambiri kuposa awa, oyambira pa difficult. Lembamo mawu amodzi okha, Noted, usayine, uikepo deti, n'kubweza fomuyo ndi manja awiri uku ukuti, “Yewo adada.” Bwana adzakhala usiku wonse akuganiza ngati wavomera kapena wamutukwana.